Sandasi ya M'ngalande

Sandasi ija anali ataikulunga m'pulasitiki ya buledi n'kuikhazika pakati pa tebulo ngati mphatso. Esinati anaizindikira asanaponde n'komwe mu ofesi ya magadi. Nanga ndani pa komboni yonse ya antchito a pulazi ya fodya imeneyi akanalephera kuizindikira? Anali masandasi abulauni, ongolowetsa phazi osawerama, a malamba awiri omata amene umamasula kapena kukoka mmene phazi lafunira tsikulo. Anakawagula ku tauni ya Concession chaka chatha, nesi atamukalipira kuti mapazi otupa ngati akewo sawapanikiza mu tenesi. Azimayi anzake a ku shedi yosankhira fodya ankamuseka kuti wayamba kuyenda ngati aphunzitsi. Lachitatu limeneli m'mawa panalibe woseka.

"Ndi yanu kapena si yanu, Mai Believe?" anafunsa Mcloud, mkulu wa magadi.

Mcloud yemweyu Esinati anamuberekapo ali kakhanda, mayi ake akupakira fodya ku mabalani. Koma yunifolomu ndi chinthu choipa, imaiwalitsa munthu msana umene anakodzera.

"Ndi yanga, mwanangu. Koma ndinanena dzulo lomwe kuti masandasi anga asowa pamaliro."

"Ndazvinzwa, ndamva zimenezo." Mcloud anagogoda tebulo ndi bolopeni. "Tsopano mverani mbali yanga. Dzulo munthu wakanula lata la kumbuyo kwa shedi, watenga fodya wa giledi yapamwamba, wachikasu uja munasankha inu nomwe Lolemba. Mtolo wathunthu. Pothawa wadumpha ngalande, sandasi iyi n'kutsalira m'matope. Gadi Faustino akuti anachoka pa shedi thwelofu koloko, bokosi la mdala Joze litanyamuka, anakathira dothi, n'kubwerera thuu koloko. Nthawi imeneyo komboni yonse inali kumanda. Munthu mmodzi yekha ndiye sanaoneke."

Munthuyo Esinati ankamudziwa. Anali iye mwini.

Chimene chinachitika n'chakuti atatuluka m'nyumba ya siwa kuti atsatire bokosi, anapeza masandasi ake pakhomo palibe. Anafukula mulu wonse wa mapatapata ndi matenesi, anthu akumulambalala, mpaka anatsala yekha ndi mikeka. Njira ya kumanda ndi ya miyala yokhayokha, yokwera chitunda, pomwe mapazi a Esinati sapirira ngakhale kamchenga ka pabwalo. Anadzikoka kupita kwake n'kukalirira mdala Joze ali khale pakhonde. Omuona pakhondepo zinali nkhuku.

"Bosi Collen akuti za polisi tizisiye, poona msinkhu wanu," Mcloud anapitiriza, maso ali pa bolopeni. "Koma lamulo mukulidziwa. Nyumba imene mwatuluka mbava imatsekedwa. Faifi koloko thirakitala ibwera kudzatenga katundu wanu, ikakusiyeni kumsewu."

 Ena akachotsedwa ntchito amamanga katundu n'kumati tikupita kumudzi. Iye kumudzi kwake kunali kanyumba ka kumapeto kwa laini yachitatu, mmene anabadwira zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri zapitazo. Bambo ake anachoka ku Dedza wapansi akadali mnyamata, ndipo anagona pa chitunda chomwe chija anakaikapo Joze. Dedzayo Esinati ankangoimva m'kamwa mwa anthu. Chitupa analibe, cha dziko lino ngakhale cha dziko linalo. Mwana wake mmodzi yekhayo, Believe, anali pabanja pa komboni pomwepo, koma wopirikitsidwa saloledwa kugona pa pulazi ngakhale kwa mwana wake.

Anasendera pa tebulo kufuna poyedzamira. M'pamene maso ake anagwera pa malamba.

"Mcloud, taitulutsa m'pepalamo. Usagwire pa lamba."

Mcloud ananyinyirika, koma anaitulutsa. Matope anali atauma gwa, atakuta sandasi yonse ngati chikhokho. Malamba onse awiri anali okokedwa mpaka kumapeto, nsonga zake zili lende m'mbali. Esinati anavula jombo lodulidwa m'mwamba la malemu mwamuna wake limene anali atabwera nalo, n'kukweza phazi pampando, manyazi atawasiya pakhomo. Phazilo linali lotupa, likuchita kunyezimira.

"Ine lamba ndimamata kunsonga kwenikweni, nthawi zina amachita kumatuka ndikuyenda. Phazi ili lingalowe umo? Ngakhale zala zokha?"

"Lamba aliyense angamukoke pambuyo pake."

"Ndiye matope akanasweka. Taona wekha, alibe ndi mng'alu womwe. Inalowa m'ngalande ili yomangidwa chomwechi, pa phazi lowonda."

Mcloud anaunamira sandasi ija nthawi yaitali, akukanda pansi pa chipewa.

"Shuwa, pamenepo pali nyaya, nkhani ilipo," anatero. "Koma Bosi safuna nyaya ya lamba, akufuna munthu. Ndipatseni dzina isanakwane faifi. Ndimuimika pano, ndimuyeza phazi pamaso pa Bosi, ndipo nyumba yotsekedwa ikhala yake. Sandasi ndiisunga mmene ilirimu."

"Nanga ndikapanda kulipeza dzinalo?"

Mcloud anangotembenuza mkono kuti Esinati aone wotchi. Inali itadutsa kale teni.

* * *

Faustino anali ataima pa khomo la shedi, manja onse awiri ali m'matumba a jasi. Anali wa ku Tete, wamtali, wouma pakamwa, munthu woti mawu ake umachita kukumba ngati chinangwa.

"Bambo Faustino, dzulo munachoka nthawi yanji pano?"

"Thwelofu."

"Wotchi muli nayo?"

"Belu la tchalitchi."

"M'mawa monse munali pano?"

"Pano. Ndiribe kuona munthu, mai. Ndiribe kuona chinthu. Ine ndinama lini, sindinama."

Dzuwa linali litayamba kuswa mtengo, koma munthuyo manja sankawatulutsa m'jasi. Esinati anaona zimenezo. Anataya ndodo yake yoyendera ngati yamupulumuka, n'kubuula kuti msana sumulola kuwerama. Faustino analeredwa bwino, tsoka lake linali limenelo. Anawerama, natola ndodo, napereka ndi manja awiri.

Zikhatho zake zinali matuza okhaokha, ena ataphulika. M'zikhadabo munali dothi lofiira.

"Matuza awa ndi a ndodo ya ugadi?"

"Khasu. Kudimba kwanga."

"Dimba m'mwezi wa Malichi, madzi ali thothotho kudambo? Ndiponso kuno kumunsi nthaka ndi ya mchenga, yotuwa. Yofiira ili pa chitunda pokha."

Faustino anabweza manja m'matumba. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka analankhula motsitsa, ndipo aka kanali koyamba Esinati kumumva akunena mawu ambiri chonchi.

"Mai, ndili na ana asanu. Mukapitiriza kundifunsa, thirakitala lero iyenda maulendo awiri."

* * *

Ricardina anamupeza pa mjigo akutsuka mapoto a pamaliro. Awiriwa ankaitanana kumadre, mwa chi Tete, chifukwa Esinati ndiye anagwirira mwana wa Ricardina pa ubatizo. Ricardina anali mayi woti nkhani ikalowa m'khutu siichedwa kutulukira pakamwa, ndipo lero Esinati anayamika Mulungu chifukwa cha chilema chimenecho.

"Kumadre, ndamva! Ndati ine ayi, Esinati kuba? Mapazi amenewo adumphe ngalande? Akanagweramo mpaka lero tikumuvuula!"

"Kumadre, dzulo adzukulu okumba manda munawaperekera mahewu ndinu?"

"Ndine amene, eyiti koloko, chidebe pamutu, chitunda chonse chija. Wothokoza ndani?"

"Munapezako ndani?"

"Samson, Nevermind, anyamata a ku mabalani aja. Na Faustino, ali m'dzenje mpaka m'chifuwa, jasi atapachika pa mtanda wa munthu."

"Eyiti koloko?"

"Iye ndiye anayamba kutema nthaka kusanache bwino! Joze ndi iye anaolokera limodzi Zambezi nthawi ya nkhondo. Akanalola anthu a kwina amukumbire m'bale wake iye ataima pa shedi ngati mzati?" Ricardina anadzigwira pakamwa ndi dzanja la thovu. "Mayi ine, ndamuphetsa."

Esinati anakhala pa simenti ya mjigo chifukwa mapazi anali kuyaka m'majombo muja. Ndiye kuti shedi inakhala yopanda gadi kuyambira mbandakucha, osati maola awiri okha a kumanda. Iye masandasi anawavula pakhomo la siwa seveni koloko, n'kuwasowa thwelofu. Wakubayo anawatenga m'mawa, nyimbo zili mkati, pamene iye mwini anali khale pakati pa azimayi makumi anayi.

"Ndi mzimayi uti anatuluka m'siwa m'mawa?"

"Palibe," anatero Ricardina motsimikiza. "Ine ndimadutsa pakhomopo ndi madzi nthawi zonse. Onse analimo. Maidei matenesi ake oyera anali pomwepo, Vimbai za pulasitiki zobiriwira zija, mkazi wa Samson zokhota chidendene..."

"Munaona anthu kapena nsapato?"

Ricardina anaika poto pansi.

Pa komboni imeneyi palibe amasuzumira m'nyumba ya siwa kuti aone amene wabwera. Ndi mwano. Munthu amangogwetsa maso pakhomo, ndipo nsapato zimamuuza. Aliyense amadziwa za mnzake, poti ambiri ali ndi peyala imodzi chaka chonse. Mkazi wojomba maliro amadziwikira pamenepo, ndipo amamunena mpaka Khirisimasi. Choncho wofuna kuzemba osadziwika sangatenge nsapato zake, ayenera kuzisiya kuti zizimuikira umboni. Koma ku shedi n'kutali, njira yachidule ndi ya minga, sangapite chopondaponda. Ndipo pa mulu wonse uja, peyala yokwana phazi lililonse inali imodzi yokha.

"Ndiye tidziwa bwanji?" Ricardina anafunsa. "M'nyumba muja munali mdima, aliyense chitenje kumutu, nkhope pansi."

"Alipo mmodzi amene sawerenga anthu ndi maso," anatero Esinati, akudzuka movutikira.

* * *

Anadikira Audrey, mtsogoleri wa kwaya ya amayi, mpaka belu la masana, chifukwa foromani sanamulole kulowa mu shedi. Ati munthu wa mlandu asayandikire fodya. Zaka makumi anayi akusankha masamba m'shedi yomweyo, lero akuimitsidwa panja ngati galu wa chiwewe! Zinamuwawa kuposa mapazi. Belu linachedwa, ndipo pamene Audrey ankatuluka, mithunzi inali itayamba kupendekera kum'mawa.

Audrey anali wa zaka makumi atatu ndi zingapo, wodzitama ndi kwaya yake kuposa ndi ana ake. Esinati sanamufunse za fodya. Anangoti dzulo munaimba bwino.

"Bwino? Aiwa, Mai Believe, musandinyengerere. Ini ndikamaimbitsa maso ndimatseka, asi khutu silitseka. Soprano inali bho. Mabesi a panja aja, hameno, amuna ndi amuna. Koma alto! Alto inandichititsa manyazi pamaso pa abusa."

"Inatani?"

"Cha m'ma teni, nyimbo zinayi zathunthu, alto mabowo okhaokha. Otsalawo amangotsatira, mukudziwa, wonyamula akachoka onse amagwa. Ndatsegula diso kuti ndimudzudzule, munthu sindikumuona. Ndasuzumira pakhomo, mapatapata ake ofiira ali pomwepo. Ndati aa, zvimwe, mwina wapita kuseri. Pobwera akupuma ngati wathamangitsidwa, chitenje chonyowa m'munsi, mawu akunjenjemera. Ndati iwe, maliro ano ndi a bambo ako kuti..."

Audrey anaima pakati pa mawu. Anayang'ana majombo odulidwa aja, kenaka nkhope ya Esinati, ndipo chimanga chophika chimene ankadya chinamugwa m'manja.

"Mai Believe, ine sindinanene kanthu. Musandifunsenso, ndapota."

Esinati sanafunsenso. Mapatapata ofiira ankawadziwa. Alto yonyamula kwaya pa komboni yonse inali imodzi, ndipo iye ndi amene anaiphunzitsa kuimba ikadali pamiyendo pake. Anali Believe.

* * *

Nyumba ya Believe inali mu laini yoyamba, pafupi ndi khola la mathirakitala, poti mwamuna wake Reason anali dalaivala. Pachingwe panali mayunifolomu atatu a sukulu. Believe anali khale pa khomo akusankha nyemba m'lichero, phazi lamanja atalikulunga kansanza. Anali ndi mapazi a bambo ake, aatali, owonda.

Esinati anaima patsogolo pake mpaka mthunzi unagwera m'lichero.

"Inzake ili kuti?"

Believe sanayese n'komwe kudabwa.

"M'chimbudzi, mhamha."

Esinati anafuna kumumenya.  Chiberekere mwanayu anali asanamukwezerepo dzanja, koma apa mkwiyo unamukulira.

"Dzulo unandidutsa pakhomo paja ndikufukula nsapato ngati wamisala. Unavala mapatapata ako n'kumapita kumanda. Lero komboni yonse ikunditchula mbava, iwe ukusankha nyemba!"

"Ndimati ndibweza musanatuluke. Ndimati ndingothamanga, ndipereke, ndibwerere. Matope anandigwira mwendo, ndinamva ngati munthu akubwera, ndinazula phazi lokha." Misozi inali kugwera mu nyemba. "Usiku wonse ndimati ndikanene. M'mawa ndinafika mpaka pa khola, miyendo inakana."

"Fodya ali kuti?"

"Anapita. Munthuyo amadikira m'mabulugamu ndi kagalimoto."

"Munthu wanji? Wasowa chiyani iwe, mwamuna ali pantchito?"

Believe anaika lichero pansi. Atadzutsa nkhope, maso ake anali ofiira, koma mawu anatuluka osagwedera.

"Mdzukulu wanu Everjoy akulemba mayeso a Giledi Seveni chaka chino. A hedi anati dzina lake silingapite popanda pepala la kubadwa, ndipo Lachisanu ndi tsiku lomaliza. Mwana uja ndi woyamba m'kalasi, mhamha, mukudziwa. Ndapita ku maofesi katatu. Akuti bweretsa chitupa chako. Ndilibe. Cha bambo wake? Reason nayenso alibe. Akuti ndiye bweretsa cha mai ako. Mulibe. Akuti kalata ya kumusha, kumudzi kwanu. Kwathu kuti? Ndinabwerako ndikulira m'kombi. Ndiye pa siteji ku Concession bambo wina anandiuza kuti iye amadziwa khomo la kumbuyo, pepala limatuluka masiku awiri. Anati safuna zambiri, fodya wachikasu basi."

Mkwiyo uja unamuthera Esinati ngati madzi m'chidebe chobooka. Chimene chinatsala chinali choipa kuposa mkwiyo. Kangati malemu mwamuna wake anamuuza kuti tiyeni tikayese za zitupa, iye n'kumati tidzapita fodya akatha? Fodya sanathe. Chaka chilichonse ankabwera wina. Iye ankati chitupa n'cha anthu oyenda, ife tikupita kuti? Sankadziwa kuti chosowa chakecho adzachisiyira mwana, mwanayo n'kusiyiranso mdzukulu.

"Pepalalo abweretsa liti?"

"Anati mawa."

"Dzina lake ukulidziwa? Kumene amakhala?"

Believe anagwetsa nkhope.

"Ukumukhulupirira?"

 Kuseri kwa nyumba kunamveka thirakitala ikutsokomola, kenaka n'kulira.

"Reason akudziwa?"

"Sakudziwa. Auzidwa kuti faifi akakunyamuleni. Chiyambire m'mawa sanaike kanthu m'kamwa." Believe anagwada n'kugwira majombo a mayi ake. "Kanditchuleni, mhamha. Ndine ndalakwa. Nyumba ija munabadwiramo, agogo ali pa chitunda apo. Kanditchuleni."

Esinati anayang'ana mayunifolomu atatu aja, yaikulu, yapakati ndi kakang'ono kong'ambika pa kolala. Akatchula dzina, Reason ntchito yatha lero lomwe, anthu asanu ali pamsewu, ndipo kwa Believe Bosi sangaone msinkhu, aitana polisi. Akapanda kutchula, iye mwini sadziwa kumene akagone. Anaopa. Asanamizidwe munthu, anaopa kwambiri.

Anachotsa manja a mwana wake pa majombo, n'kutembenuka.

* * *

Mu ofesi muja anapezamo Bosi Collen, manijala wa pulazi, ataima pa windo akukanda foni. Sandasi inali pa tebulo pomwe paja. Wotchi ya Mcloud inkati kwatsala mphindi khumi.

"Bosi, Mai Believe ali ndi chinthu choti akuonetseni," anatero Mcloud. Mawu ake anali opepuka, ngati munthu amene tsiku lonse wakhala akupemphera chamumtima. "Nyaya ya lamba ija. Mai, dzina mwabwera nalo?"

"Tandipatsira sandasiyo."

Mcloud anaipereka mosamala, ataigwira kunsi ndi nsonga za zala kuti matope asagwe. Esinati anailandira. Anagwira lamba woyamba n'kumatula, kwee! Anagwira wachiwiri, kwee! Matope ouma aja anasweka n'kuyoyokera pa simenti.

"Mai Believe!" Mcloud anadzuka, mpando n'kugwa chagada.

Esinati anaponya sandasi pansi, navula jombo, nalowetsa phazi lake lotupa lija. Anawerama, msana ukulira, n'kumata malamba kunsonga kwenikweni. Inamukwana bwinobwino, poti inali yake.

"Ndinavala ndine," anatero. "Za m'mawa zija ndimanama. Fodya ndinapatsa munthu wa pamsewu, sindimudziwa."

Bosi Collen anachotsa maso pa foni, nayang'ana phazi, nayang'ana Mcloud.

"Saka nyaya yapera, nkhani yatha," anatero. "Tsekani nyumba. Kiyi ibwere kuno."

Mcloud anamutsatira panja. Chipewa anali atachivula, akuchipotokola m'manja.

"Amayi, mwaphwanya umboni wanu ndi manja anu. Ine si mwana, ndikuona. Ndani?"

"Wamva kale."

"Ndiuzeni ine ndekha, mwina pali njira ina..."

"Njira ina ndi iti, Mcloud? Thirakitala ibwerere yopanda kanthu?"

Mcloud anavala chipewa chake n'kubwerera mu ofesi.

Katundu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri sanadzaze ngakhale theka la ngolo. Bedi, mipando iwiri, mapoto, thumba la ufa, nkhuku zinayi zomanga miyendo. Anthu anaima m'makomo mwawo akuonerera, osayandikira, ngati umbava umapatsirana. Ricardina yekha ndiye anabwera kudzathandiza kunyamula, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sanalankhule. Atamva kulira kukuchokera ku laini yoyamba, Esinati anamunong'oneza kuti athamange akamutsekere Believe m'nyumba, asatuluke mpaka thirakitala itadutsa pa geti.

Reason anamukweza m'ngolo atayang'ana kumbali, monga mkamwini achitira ndi apongozi ake. Zaka khumi ndi zinayi chikwatirire Believe, awiriwa ankapatukirana panjira, nkhani zawo zonse zinkadzera mwa mkazi. Anayendetsa pang'onopang'ono kudutsa mabalani, shedi, mabulugamu, akuzemba maenje kuti mapazi aja asagundike. Pa geti gadi anatsegula osadzutsa mutu.

Atafika pamene msewu wa pulazi umakumana ndi wa tala, Reason anaimitsa thirakitala. Sanatembenuke. Analankhula akuyang'ana chiwongolero, mawu akuthothoka.

"Amayi, Bosi anati pano. Koma ine sindingakusiyeni pa mtunda. Dizilo alipo. Tchulani kumene ndikakutuleni, kumanja kapena kumanzere, ndikakufikitsani pakhomo penipeni."

Esinati anatsegula pakamwa kuti atchule. Concession, Beatrice, Mutorashanga, maina ankawadziwa, ankawamva makondakitala akukuwa. Anafufuza m'mutu monse khomo limodzi lokha limene angagogode munthu n'kumuitana dzina. Kombi inadutsa, ina inadutsanso, nkhuku zikuphupha pa mapazi ake.

"Zimitsani kaye injini, bambo," anatero. "Ndikuganiza."